Nkhukundembo ya Khirisimasi yakana kulowa mu kauvuni kanga, ndithandizeni abale

18 Disembala

Nabanda, Leeds:
Odi muno amayi ndi abambo. Ndili ndi vuto ndipo masiku atha. Chaka chino Khirisimasi tidyera kwanga, tikhala anthu 7: ine, bambo a kunyumba, ana awiri, apongozi amene abwera kuchokera ku Dedza mwezi wathawu, ndi alamu anga ndi akazi awo. Mwana wanga wamkulu, wa zaka 9, wakhala akundipempha kuyambira mu Novembala kuti tidye nkhukundembo ngati mmene amadyera anzake a kusukulu. Dzulo ndagula ya makilogalamu 5, yowumitsidwa mufiriza. Nditafika nayo kunyumba ndinaiyeza pakhomo pa uvuni, sikulowa. Nyumba yomwe tikuchita lendi ili ndi kauvuni kapatebulo kaja, kokhala ndi mapuleti awiri pamwamba. Ndikaikankha imagunda chitsulo chotentha cha kumwamba chija. Ndalama yogulira ina ndilibe. Ndipange bwanji?

Naphiri, Manchester:
Mwana wanga, usadandaule. Ine ndaphika mbalame imeneyi zaka zoposa 15 kuno ndipo zaka zitatu zoyambirira ndinali ndi kauvuni ngati kakoko. Choyamba tenga tepi uyeze mkati, m'lifupi, kulowa mkati, ndi kutalika kuchokera pa shelefu ya pansi kufika pa chitsulo cha kumwamba. Utiuze manambalawo. Tisamangoyankhula m'malere.

Nabanda, Leeds:
Ndayeza amayi. M'lifupi masentimita 38, kulowa mkati 30, kuchokera pa shelefu ya pansi kufika kumwamba 19 basi.

Mbewe, Glasgow:
Achemwali, ndimagwira ntchito kukhitchini ya hotela, ndipo Disembala yense timaphika nkhukundembo tsiku ndi tsiku. Ndi masentimita 19 amenewo yathunthu iwalani. Ngakhale mutaikanikiza n'kulowa, chidale chidzakhala chitagunda moto, khungu lidzapserera mkati musanapse. Mbalame imafuna mpata woti mpweya wotentha uzizungulira, zala zitatu kapena zinayi mbali zonse.
Koma ndikuuzeni chinthu chimene anthu ambiri sadziwa. Kuhotela sitiwotcha yathunthu. Timaiduladula, chidale pachokha, miyendo payokha. Chifukwa chake n'chakuti nyama ziwirizi sizipsa nthawi imodzi. Chidale chilibe mafuta, chikangopitirira pang'ono chimauma ngati thonje. Ntchafu ndi miyendo zili ndi mitsempha yambiri, zimafuna moto wautali kuti zifewe. Mukawotcha yathunthu mumakhala mukudikira ntchafu pamene chidale chikuuma. Ndiye kauvuni kanuko kakukakamizani kuchita chinthu chomwe ndi chabwino kale.

Nabanda, Leeds:
Achimwene, ndamva, koma mtima wanga wawawa pang'ono. Mwanayu akufuna kuona mbalame yathunthu patebulo, yofiirira, ngati pa zithunzi zomwe amajambula kusukulu. Ndikamuikira zidutswa adzati ndi nkhuku ya masiku onse.

Mbewe, Glasgow:
Musadule chidalecho. Chotsani miyendo yonse iwiri pamodzi ndi ntchafu zake, dulani msana, chidale chitsale pa fupa lake chonse chathunthu, mapiko mukhoza kuwasiya. Chimenecho ndi chomwe m'masitolo amagulitsa ndi dzina loti crown, pamtengo wokwera. Msana ukachoka chimatsika, mukachikanikiza ndi chikhatho pa fupa la pakati chimakhala pansi bwino. Pa mbalame ya makilogalamu 5 chidzakhala cha makilogalamu awiri ndi theka kapena kucheperapo. Chikapsa n'kuchiika pa mbale yaikulu, miyendo m'mbali mwake, mbatata ndi karoti kuzungulira, mwana adzaona nkhukundembo ndithu.

Nangozo, South Bend:
Ndikuvomereza zimene anena achimwene a Mbewe. Kuno ku America mbalame imeneyi timadya pa chikondwerero chothokoza chotchedwa Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la Novembala, ndiye ine ndangophika masabata atatu apitawa. Chaka changa choyamba ndinawotcha yathunthu maola anayi, alendo anadya mwaulemu koma chidale chambiri chinatsala pa mbale. Kuyambira pamenepo ndimadula. Koma asisi, musanafike pa zodula, nkhani yaikulu ndi kusungunula. Anthu ambiri amagwa pamenepa. Mbalame ya makilogalamu 5 siisungunuka usiku umodzi ayi.

Najere, Luton:
Eya, pamenepo ndilowepo, poti ndine namwino ndipo masiku a zikondwerero timalandira anthu otsegula m'mimba chifukwa cha nyama yosasamalidwa. Bungwe loona za ukhondo wa zakudya kuno ku UK la Food Standards Agency limati mufiriji muwerengere maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse. Yanuyo ndi maola 50 mpaka 60, masiku awiri ndi theka. Muitulutse mufiriza pa 21 m'mawa, muiike m'beseni kapena m'thireyi yakuya pa shelefu ya pansi penipeni pa firiji, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Pofika pa 23 usiku idzakhala itasungunuka. Musaisiye pa tebulo la kukhitchini, makamaka m'nyumba zathu zino zomwe heater imayaka tsiku lonse. Kunja kumafunda majeremusi n'kuchulukana mkati mukadali ayezi.
Ndipo mukaitsegula pisani dzanja m'mimba mwake ndi kukhosi. Nthawi zambiri mumakhala kajumbo kapulasitiki ka khosi, chiwindi, mtima ndi nthutumba. Katulutseni msanga kakangomasuka.

Nabanda, Leeds:
Zikomo asisi. Firiji yanganso ndi yaing'ono koma ndichotsa shelefu imodzi. Zakumwa ndiziika pakhonde, kunja kukuzizira kuposa firiji.

Naphiri, Manchester:
Ukamaliza kudula uitsuke bwinobwino ndi mandimu kapena vinega. Mbalame imeneyi ili ndi kafungo.

Najere, Luton:
Amayi, pepani ndikutsutseni mwaulemu. Asatsuke. Madzi a pampopi akamagunda nyama yaiwisi amathovukira pa sinki, pa mbale zotsuka kale, pa zovala, ndipo majeremusi otchedwa campylobacter amafalikira choncho. Madzi sapha majeremusi, amapha ndi moto. Angoipukuta ndi mapepala a kukhitchini, ataye mapepalawo, asambe m'manja ndi sopo, atsuke mpeni ndi thabwa.

Naphiri, Manchester:
Aaa, Najere mwana wanga, ine ndaphika zaka 40 ndipo sindinaikepo nyama pamoto yosatsuka. Amayi anga akanandikwapula. Zimenezo ndi za azungu.

Nankhoma, Zomba:
Ndikuwerenga kuchokera kuno kumudzi ndipo ndikuona kuti nonse mukunena zoona, kungoti mukunena za nyama ziwiri zosiyana. Ife kuno nkhuku timapha tokha, kuisosola, kuiwawula pamoto, kuitumbula. Pamakhala magazi, timanthenga, mwaye, nthawi zina ndulu yaphulika. Imeneyo ndi yofunika kutsuka, ndipo timatsukira panja m'beseni, madzi n'kutaya kudzala. Yanu ya m'sitolo inakonzedwa kale, ndipo mukutsukira m'kakhitchini kamene pambali pa sinki pali makapu a ana. Si zofanana.

Naphiri, Manchester:
Chabwino, pamenepo ndamva pang'ono. Komabe mandimu apake. Zimenezo sindisiya.

Najere, Luton:
Mandimu apake amayi, palibe vuto. Chomwe ndikukana ndi mpopi wokha.

19 Disembala

Nabanda, Leeds:
Mwadzuka bwanji nonse. Usiku ndinali ku ntchito, ndawerenga zonse m'basi. Tsopano achimwene a Mbewe, kudulako ndiyambire pati? Nkhuku ndimadula bwinobwino koma ichi ndi chinyama.

Mbewe, Glasgow:
Ngati mumadula nkhuku ndiye mwatha kale, mfundo zake ndi zomwezo, kungoti zazikulu. Muchite pa 24 m'mawa. Ikani kansalu konyowa pansi pa thabwa kuti lisaterereke. Kokerani mwendo kunja, dulani khungu la pakati pa ntchafu ndi chidale, koma mudulire kufupi ndi ntchafu kuti khungu lambiri litsalire ku chidale, lidzachiteteza pamoto. Pindani ntchafuyo chakumbuyo mpaka mfundo ithyoke, mpeni udutse pamfundopo. Chimodzimodzi mbali inayo. Kenako imikani mbalameyo, dulani nthiti m'mbali zonse ziwiri kutsika, pindani msana chakumbuyo, udzathyoka. Sizasi yolimba ya kukhitchini imathandiza kuposa mpeni pa nthitipo. Msanawo musataye, ndiye msuzi wanu.
Mukatha, mchere. Pafupifupi supuni yaikulu imodzi ya mchere wa mibulu pa makilogalamu awiri a nyama, ngati ndi wosalala uja chepetsani. Pakani pansi pa khungu ndi pamwamba, ikani mufiriji osavundikira mpaka m'mawa wa pa 25. Mcherewo umalowa mkati, nyama imasunga madzi ake ikamapsa, ndipo khungu limauma, n'chifukwa chake limadzafiirira bwino. Koma muyambe mwawerenga pa pepala lake. Zina zowumitsidwa amazibaya kale madzi a mchere ndi mafuta ku fakitale, pamalembedwa kuti basted. Ngati yanu ndi yotero, mchere ukhale wongowaza.

Nabanda, Leeds:
Ndaona, palibe mawu amenewo. Nanga miyendo? Mu uvuni simukwana zonse.

Naphiri, Manchester:
Miyendoyo ndisiyire ine. Imeneyo siifuna uvuni. Uilekanitse ntchafu ndi mwendo, zidutswa zinayi. Ukazinge mumphika waukulu ndi mafuta pang'ono mpaka zifiire mbali zonse, uchotse. M'mafuta omwewo anyezi awiri, adyo, kenako tomato, kaya wa m'chitini. Ubwezeremo nyama, madzi afike theka, uvundikire, moto wapansipansi maola awiri kapena kupitirira mpaka nyama iyambe kulekana ndi fupa. Uphike ngati mmene timaphikira nkhuku yachikuda yokalamba. Mwendo wa nkhukundembo uli ndi timitsempha tolimba ngati timitengo, ikapsa timasololoka tokha, utichotse ana asatsamwe. Uphike pa 24 madzulo, izizire, ilowe mufiriji, mawa lake ungotenthetsa mpaka iwire. Imakoma kwambiri ikagona.
Ndipo ndikuuze, apongozi akowo chidale chowotcha sadzachimva kukoma kwenikweni. Anthu a kwathu nyama youma yopanda msuzi saiwerengera. Chimene adzadye ndi mtima wonse ndi ntchafu ya mumphikayo. Uwaphikire kansima pambali, kapena mpunga. Ngati uli ndi wa Kilombero ndiye bwino koposa.

Nabanda, Leeds:
Anabwera nawo okha makilogalamu awiri, ndi botolo la Nali. Akhala akuusunga kuti ndi wa Khirisimasi.

Nankhoma, Zomba:
Ndiye Khirisimasi yakwana kale imeneyo. Kuno mpunga wa nkhuku ndi Fanta basi ana asangalala. Koma nkhani ya moto wa kumwamba ikundikumbutsa chigumu. Tikamaphika pambaula timaika makala pansi ndi pa chivundikiro, ndipo aliyense amadziwa kuti makala a pamwamba akachuluka chimada kunja mkati muli phala. Kauvuni kanuko ndi chimodzimodzi, moto uli pafupi. Muchepetse wa pamwamba.

Mbewe, Glasgow:
Ndendende mayi. Kachepetsedwe kake ndi foil, pepala la aluminiyamu lija lovundikirira chakudya. Pakani batala wofewa pansi pa khungu ndi pamwamba, kandirani adyo ndi khungu la ndimu m'batalamo ngati mukufuna. M'thireyi yalani anyezi ndi karoti zodula zikuluzikulu, chidale chikhale pamwamba pake, thirani kapu imodzi ya madzi. Vundikirani foil momasuka, koma isakhudze chitsulo chotenthacho. Shelefu ya pansi penipeni. Moto madigiri 180 pa Celsius. Kawerengedwe kodziwika kuno ndi mphindi 45 pa kilogalamu kuwonjezapo mphindi 20 pa mbalame yosafika makilogalamu anayi ndi theka, ndiye chanucho ndi pafupifupi maola awiri. Pakatha ola limodzi tembenuzani thireyi, kutsogolo kupite kumbuyo, chifukwa timauvuni timeneti timatentha kwambiri kumbuyo. Mphindi 30 zomaliza chotsani foil kuti chifiirire, ndipo pamenepo musachoke kukhitchini. Musamatsegule pafupipafupi. Uvuni waung'ono ukatsegulidwa kutentha konse kumathawa nthawi yomweyo.

Nangozo, South Bend:
Gulani ka thermometer ka nyama asisi, n'kotchipa, ndipo ndi kokhako kamene kangakuuzeni zoona. Manambala a pa timauvuni tating'ono samakhala olondola nthawi zonse, mukhoza kuika 180 mkati muli 200. Kuno amati nyama ya mbalame ifike 165 pa Fahrenheit, yomwe ndi 74 pa Celsius. Mubaye pamene pali mnofu wochindikala kwambiri, osagunda fupa. Muyambe kuyeza pakatha ola ndi theka.

Najere, Luton:
Kuno timati 75 kwa masekondi 30, kapena 70 kwa mphindi ziwiri. Ndi chimodzimodzi. Ngati thermometer palibe, mubaye ndi mpeni, madzi otuluka akhale oyera opanda kufiira, nyama ikhale ikutuluka nthunzi mpaka mkati. Stuffing, zosakaniza za buledi ndi zokometsera zija zomwe ena amaika m'mimba mwa mbalame, muphike payokha m'kambale, musaiike mu nyama.

Nabanda, Leeds:
Nanga mbatata yowotcha ija ndi masoseji okulunga bacon? Mwana wawerenga zonse pa chala. Ndikaika chidale mulibenso malo ngakhale a supuni.

Mbewe, Glasgow:
Apa ndi pamene anthu amada nkhawa pachabe. Chidale chikatuluka chimafunika kupuma, osachepera mphindi 30, ndipo mutachivundikira foil ndi thaulo loyera pamwamba chimakhala chotentha ola lathunthu. Mukachidula chikangotuluka madzi onse amathera pa thabwa. Ola limenelo ndiye la mbatata. Kachewere mumusende, mumuwiritse mphindi 8 mpaka 10 m'madzi a mchere, mukhetse, mumugwedeze mumphika kuti m'mbali mukhale manyamanya, ndi m'mene amakhalira wokhukhuta. Kwezani uvuni pa 200 kapena 220, tenthetsani mafuta m'thireyi kaye, kenako mbatata, mphindi 45, kutembenuza kamodzi. Masoseji mukhoza kukazinga pa chiwaya, palibe lamulo loti alowe mu uvuni. Karoti ndi timakabichi tating'ono tija totchedwa Brussels sprouts, pa puleti.
Chenjezo limodzi. Zitofu zapatebulo zambiri zimalumikizidwa pa soketi wamba ya 13 amp, yomwe imanyamula mawati pafupifupi 3,000. Pa chifukwa chimenechi zina sizilola kuti uvuni ndi mapuleti onse awiri ziyake limodzi, puleti imodzi imazima kapena kufooka. Yesani lero, osadikira pa 25. Ndipo musachilumikize pa extension pamodzi ndi ketulo.

Nabanda, Leeds:
Ndayesa pompano. Zoona, uvuni ukayaka puleti yaikulu siitentha, yaing'ono yokha. Chikhala ndinadziwira pa tsikulo ndikanalira. Ndiye mpunga ndiphikira mu rice cooker, msuzi ndi miyendo pa 24, pa tsikulo puleti yaing'ono izingotenthetsa chimodzichimodzi.

Naphiri, Manchester:
Ndipo ngati magetsi anu ndi a mita yolipiriratu, uikemo mayunitsi okwanira pa 23. Pa 25 masitolo ambiri amatseka. Zinandichitikira chaka china, magetsi anathima nyama ili pakati, tinakamalizira kwa aneba.

Nangozo, South Bend:
Msuzi musaiwale kufotokoza achimwene.

Mbewe, Glasgow:
Msana, khosi, nthutumba, mtima ndi nsonga za mapiko, kazingani mpaka zifiire, thirani madzi omiza, anyezi, karoti, ziwire pang'onopang'ono maola awiri, sefani. Chiwindi musaikemo, chimawawitsa msuzi, kazingani padera. Pa tsikulo thirani madzi a m'thireyi ya chidale mu msuziwo, sungunulani batala supuni ziwiri ndi fulawa supuni ziwiri mu sefuliya, thirani msuzi pang'onopang'ono mukutakasa mpaka ulimbe. Mulawe kaye musanathire mchere, madzi a m'thireyi amakhala ndi mchere kale.

Naphiri, Manchester:
Nthutumbayo ikapsa uipatule, upatse apongozi kapena bambo a kunyumba. Usaisefere kudzala ndi mafupa. Ngakhale tili kunja mwambo ulipo.

26 Disembala

Nabanda, Leeds:
Abale anga, ndabwera kudzathokoza. Zinatheka. Kudula kunanditengera mphindi 40, msana unavuta mpaka bambo a kunyumba anandigwirira. Chidale chinalemera makilogalamu 2.3, chinalowa bwino ndi mpata pamwamba. Ndinachiika 10 koloko. Nditayeza pa ola ndi theka chinali pa 63, pa ola ndi mphindi 50 chinafika 75, ndinatulutsa. Mbali imodzi ya kumbuyo khungu linada pang'ono chifukwa ndinachedwa kutembenuza thireyi, ndinaibisa ndi mbatata. Mbatata ndinawotcha maulendo awiri poti thireyi ndi yaing'ono, ndiye tinakhala pa tebulo cha m'ma 2 koloko, osati 1 monga ndinaganizira.
Mwana wanga anapempha kuti anyamule yekha mbale kuchokera kukhitchini. Anaijambula, akuti akaonetsa aphunzitsi sukulu ikatsegulira. Apongozi analawa chidale kagawo kamodzi ndi msuzi wotsekemera wa zipatso za cranberry, anati zotsekemera pa nyama ayi, kenako anatembenukira ku mphika wa ntchafu ndi mpunga wawo ndi Nali, anaonjezera kawiri. Nthutumba ndinawapatsa apongoziwo, monga munanenera amayi a ku Manchester. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti wandiphunzitsa ndani kuno.

Naphiri, Manchester:
Wachita bwino mwana wanga. Uwapatse moni apongoziwo, uwauze kuti ku Manchester kuli mnzawo wa ku Ntcheu, adzabwere adzamwe tiyi asanabwerere.

Najere, Luton:
Zotsala zinalowa mufiriji nthawi yabwino? Zimafunika kulowa pasanathe maola awiri, ndipo mudye pasanathe masiku awiri. Zomwe simumaliza pofika mawa muike mufiriza lero, ndipo potenthetsa kamodzi kokha, mpaka zitenthe mkati.

Nabanda, Leeds:
Zinalowa asisi, ndinazigawa m'timakontena titatu. Ntchafu zinatheratu dzulo lomwelo. Chidale chatsala theka, kontena imodzi alamu atenga, ina ndaika mufiriza, yachitatu ndiika mu mpunga wokazinga madzulo ano.

Mbewe, Glasgow:
Fupa la chidale lija mukadali nalo? Muwiritseninso ndi anyezi, mupeza supu wa masiku awiri.

Nabanda, Leeds:
Lili pamoto panopa achimwene, pa puleti yaing'ono ija.